Banki Yofuna Kuseka

Tiyanjane ankagulitsa kaunjika pamsika, ndipo ndalama zake zonse ankasunga ku banki ya pafoni, yopanda ofesi. Tsiku lina malume ake, a Chikakuda, anatulukira pabenchi pake.

"Tandipatsa ya mowa, iwe. Ndinakulera ndine."

"Pepani malume," anatero Tiyanjane atakwinya nkhope. "Bankiyi imatsegula ikaona nkhope yanga ikuseka. Mwandikalipira, ndiye yakana. Ndiseketseni kaye."

A Chikakuda anavula jekete n'kuyamba kudula chiuno. Tiyanjane analuma mlomo, osaseka. Anthu anaunjikana n'kuyamba kuwasupa.

Mkuluyo potembenuka anangoona akazi awo akutolera makobidiwo m'chitenje.

"Musaleke, bambo," anatero mayiwo. "Ya ufa yakwana. Yatsala ya ndiwo."