Madzi a M'kamwa

M'mwezi wa Ramadhani, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, aphunzitsi a Yunusu Chikwanje anafika pa mzikiti wathu ku Nselema kudzaona Shehe Sumani. Ankaphunzitsa bayoloje kusekondale, ndipo pa mtsutso sankagonja ngakhale kwa mpando. Tsikulo anapereka salamu motsitsa, maso ali pansi, ndipo ine ndinawamvera chisoni.

Anapempha a Shehe kuti akhale mboni, chifukwa ankafuna kumasula akazi awo, Abiti Daudi. Dzulo lake anali atawamenya khofi, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi za banja, chimodzimodzi mmene bambo awo ankamenyera mayi awo.

"Make mbuu, mwana mbuu, a Shehe," anatero. "Ine ndimaphunzitsa kuti munthu ndi nyani kholo lawo n'limodzi. Ukali uli m'magazi. Mzimu ndaufunafuna mwa ine, ndapezamo chilombo chokha. Bola mayiyu apite ndisanamuvulaze."

A Shehe anavomera kuti mabuku amenewo sanawawerenge, ndipo za kumene thupi linachokera sakanatha kulimbana ndi mphunzitsi. Anangowakumbutsa kuti nthawi ya swala, pemphero la masana, yakwana. Anawapatsa ketulo ya madzi ozizira a mumtsuko kuti adziyeretse, iwo n'kutembenuka kukayala mikeka.

A Yunusu anasamba m'manja, n'kuchukucha m'kamwa katatu. Milomo yawo inali yong'aluka, poti anayenda wapansi kuchokera kusukulu ali pa swaumu, kusala kudya ndi kumwa.

Titaswali, a Shehe anawafunsa mwaulemu ngati khosi lawo linawafuna madzi aja.

"Kwambiri, a Shehe."

"Ine ndinakufulatirani. Mukanameza, akanadziwa ndani?"

"Palibe munthu."

"Nanga munatani nawo?"

"Ndinalavula."

A Shehe anawagwira dzanja lamanja, lomwe lija linamenya.

"Aphunzitsi, mbuzi yaludzu ikaika kamwa m'madzi imamwa, ndipo ilibe tchimo. Khosi lanu n'lofanana ndi lake, sindikutsutsani. Koma alipo wina mkati mwanu amene wauza khosilo kuti dikira, katatu konse, popanda womuona kupatula Allah. Yemweyo ndi amene wakuyendetsani dzuwa lonseli kudzalira pano. Bambo anu anakusiyirani magazi, koma uyu sanachokere kwa iwo."

A Yunusu anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Anafunsa chapansipansi kuti munthuyo anali kuti dzulo.

"Analipo, koma munamuzoloweza kulondera khosi lokha," anayankha a Shehe. "Umboni wa kutha kwa banja sindipereka lero. Pitani kwa Abiti Daudi ndi ankhoswe awo, mukagwade. Kukhululuka kapena kukana n'kwawo, musawakakamize. Akakulandirani, amene walavula madzi uja mumupatsenso dzanja ili alisunge."