Bokosi la a Matiyasi

A Matiyasi Sakala anakonza mawailesi pamsika wa Kapata zaka makumi atatu, mpaka mafoni anawalanda ntchito. Amene kale ankawagwadira ndi mawailesi akufa anayamba kuwadutsa ngati chitsa. Anthu ndi otero: amakudziwa pamene akukufuna.

Akazi awo, a Maliya, anadwala matenda oumitsa ziwalo ndipo zala zawo zinapindika. Mwana wawo Madalitso ankatumiza zithunzi za mdzukulu wobadwira ku Ndola, koma pakafoni kakang'ono maso a mayiwo sankaona bwino, ndipo zala zinkangophonya. Tsiku lina anaika foniyo pansi n'kutembenukira kukhoma.

"Ndidzafa osadziwa nkhope yake," anatero.

Mawuwo anawalasa a Matiyasi. Madalitso anali atawasiyira kompyuta yakale, ndipo m'menemo a Matiyasi anaona kanema wa mzungu wina akupanga galasi lomvera zala zambiri nthawi imodzi. Chingerezi sanachimve chonse, koma manja a munthuyo anawamva. Anakhoma bokosi la matabwa, pansi pake anaika kakamera, pamwamba galasi la kabati ya akazi awo, n'kuyala pepala lopyapyala. Kamerayo inkayenera kuona mithunzi ya zala ndi kuuza kompyuta.

Sizinatheke. Anasintha pepala kasanu, anapukuta galasi mpaka linkalira, koma kompyuta inangokhala duu.

Mkamwini wawo Malcolm, wogwira ntchito muofesi, atabwera kudzacheza anazungulira bokosilo manja ali m'thumba.

"Bambo, kodi muikiramo nkhuku? Zinthu izi amapanga ndi anthu a madigiri."

"Madigiriwo amagwira sikuludiraiva?" anafunsa a Matiyasi osadzutsa mutu.

"Ndingokuuzani kuti musadzivute. Anthu ayamba kulankhula."

"Alankhule. Pakamwa salipira msonkho."

Ngakhale a Maliya anatopa nazo. "Bambo a Madalitso, ndibwezereni galasi langa. Mbale zadzaza fumbi."

"Make Madalitso, ndipatseni sabata imodzi."

Sabata inabala mwezi. A Matiyasi ankagwirira ntchitoyo kuchipinda, chitseko chotseka, kuopa maso a anthu onyoza. Kumeneko n'kumene kunali vuto, iwo osadziwa: mumdima chala sichikhala ndi mthunzi.

Loweruka lina m'mawa a Maliya anati chipinda chisesedwe, bokosilo lituluke. Mwamunayo analinyamulira pakhonde akung'ung'udza. Poti mtima sunagonje, analumikizanso zingwe pomwepo, n'kutsamira galasi ndi dzanja. Kuwala kwa dzuwa kunagwera papepala, ndipo pakompyuta panaoneka timadontho tisanu. Anasuntha zala, timadonthoto tinatsatira.

Sanafuule. Anakoka mpando wa akazi awo, anatsegula chithunzi cha mdzukulu, n'kuika dzanja lawo lopindikalo pagalasi lalikululo.

"Tambasulani pang'ono."

Zala ziwiri zinatalikirana movutikira, ndipo nkhope ya khanda inakula mpaka kudzaza kompyuta yonse. A Maliya anayang'ana nthawi yaitali.

"Makutu awa ndi anu," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Mdzukulu wanga wamulakwira chiyani Mulungu?"

A Matiyasi anaseka koyamba chaka chimenecho.

Malcolm anabweranso ndi anzake awiri a kuofesi, akuwauza kuti iye ankadziwa kale kuti apongozi ake ndi katswiri. A Matiyasi sanamutsutse. Anangomupempha kuti asunthe, chifukwa ankatchinga dzuwa.

Kabati ilibe galasi mpaka lero, ndipo mwini wake sanalifunsenso. Akuluakulu sananame: kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.