Njoka Ziwiri za mu Kompyuta

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma kale la pamene makompyuta ankangoyamba kulowa m'maofesi, panali bwana wina dzina lake Thombozi. Ameneyu ndiye anachotsetsa Lufeyo ntchito.

Lufeyo ankasunga sitolo ya mankhwala pa kachipatala ka pa esiteti ya nzimbe. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanasokonezepo botolo. Pa katoni iliyonse ankajambulapo ndi khala: udzudzu pa mankhwala a malungo, dzino pa a mano, mphiri pa a munthu wolumidwa ndi njoka.

Ndiye kunabwera Thombozi ndi pulogalamu yake. Mphamvu inali nayo, bodza n'loipa. Inkadziwa botolo lililonse m'zipatala zisanu za kampaniyo, pamene lili ndi tsiku limene lidzathe mphamvu. Koma kuti ikuuze kanthu kamodzi, unkayamba wadina malo asanu ndi awiri. Thombozi analamula kuti zojambula zonse zifufutidwe, makatoni akhale ndi manambala okha.

"Bwana, ine izi zikundizunguza mutu," anatero Lufeyo.

"Madala, ndavutika kuimasulira m'Chichewa chifukwa cha inu. Mukufunanso ndikutafunireni?"

Anamuphunzitsa masana amodzi, n'kubwerera kutauni.

Tsiku lina m'mawa anthu anafika atanyamula Esinati, mayi wopalira m'munda wa nzimbe. Mphiri inali itamuluma phazi. Namwino Nasibeko anakuwa ali pakhomo: "A Lufeyo, mankhwala a njoka, msanga!"

Lufeyo anatayipa ndi chala chake chimodzi: njoka. Kompyuta inati katoni 412. Anaithamangitsa.

"Abambo inu, mayiyu walumidwa," anatero Nasibeko. "Awatu ndi a njoka za m'mimba."

Lufeyo anabwerera. Anatayipa mphiri, palibe. Kulumidwa, palibe. Atalemba poizoni, panatuluka mayina a Chingerezi odzaza masamba anayi. Makatoni onse ankangomuyang'ana ndi manambala awo. Uku phazi la Esinati likutupa, likuda bii.

Tsono mverani zimene aliyense anachita.

Nasibeko anasiya wodwala, n'kumusuntha Lufeyo pampando. Analemba dzina lenileni la mankhwalawo pa pasiwedi ya Lufeyo, mawu ake achinsinsi otsegulira kompyuta, chinthu chimene kampani inaletsa. Popanda iye, dzinalo silikanapezeka. Komatu akanatha kulilemba pa kapepala poyamba pomwe m'malo mokuwa.

Pulogalamu ya Thombozi inayankha kuti mabotolo a pamalopo anatha mphamvu mwezi wapitawo, ndipo awiri abwino ali ku chipatala cha tsidya la mtsinje. Zimenezo khala la Lufeyo silikanazidziwa. Koma pulogalamu yomweyo inali itadya ola lathunthu, ndipo chenjezo loti mabotolo atha mphamvu inali italibisa mwezi wonse pamalo pamene munthu sankafikapo.

Lufeyo anaona kuti galimoto ikazungulira kumlatho ipita maola atatu. Anakwera njinga yake yakapalasa, nadulira m'minda, nawoloka madzi olekeza m'chifuwa. Pobwerera mabotolo anali pamutu, atawamanga m'malaya. Anafika nawo onse awiri. Koma ndi yemweyo amene anathamanga ndi mankhwala a m'mimba munthu akufa.

Esinati anapulumuka. Phazi anakalidula kuchipatala chachikulu, ndipo dokotala ananena kuti ola limodzi lija likanalipulumutsa.

Manijala wa esiteti anaitana Lufeyo, Nasibeko ndi Thombozi. Patebulo pake panali makalata awiri, ina yothokoza, ina yochotsa ntchito. Thombozi anafika pagalimoto, atamanga tayi.

"Pulogalamu ilibe vuto," anatero. "Vuto ndi chala chotayipa."

"Chala chimenechi sichinalakwepo mpaka munabwera inu," anayankha Lufeyo. "Khasu lanu n'lakuthwa, sindikukana. Nanga mpini uli kuti? Mungalimire khasu lopanda mpini, bwana?"

"Kumeneko ndiye kusaphunzira," anatero Thombozi, akuyang'ana manijala.

Nasibeko anangowerama, poopa nkhani ya pasiwedi.

Kalata yothokoza inapita kwa Thombozi. Nasibeko anangochenjezedwa pakamwa. Kalata inayo mukudziwa kale amene anapita nayo kunyumba, zovala zisanaume n'komwe matope a mumtsinje.

Patatha mwezi, pulogalamu ija anaikonza mwakachetechete. Lero ukatayipa njoka, imayamba yakufunsa: yoluma kapena ya m'mimba? Funso limeneli analigula ndi phazi la Esinati ndi ntchito ya Lufeyo. Esinati akuyendera ndodo. Lufeyo akumata matayala a njinga pamsika. Thombozi amadutsa pomwepo pagalimoto, ndipo mawu oti pepani sanawanene mpaka lero.

Tsono inu amene mwamva, makalata aja ali m'manja mwanu. Pakati pa amene anabweretsa khasu lopanda mpini, amene ankadziwa dzina koma n'kungokuwa, ndi amene anasokoneza njoka ziwiri n'kukawoloka mtsinje, yothokoza mupatsa ndani, ndipo yochotsa ntchito mupatsa ndani?