Mwandida ndi Omvera a Kumanda

Kalekale, anthu akadaweruza milandu ndi mwabvi, pamudzi wina wa patsinde pa phiri panali mtsikana dzina lake Mwandida.

Mwandidayo sanali bububu ayi. Kudimba ankayimba. Akakhala ndi mlongo wake Lipenga ankalongolola mpaka kumutopetsa. Koma anthu akangokwana asanu, maso onse n'kukhala pa iye, mawu ankamuthawa. Pakhosi gwa! Miyendo njenjenje! Anthu n'kuseka, iye n'kuthawa.

Pamudzipo panalinso nkhalamba ina, a Kadzamira. Ntchito yawo inali kuphunzitsa anyamata ndi atsikana kulankhula pabwalo: kupereka moni kwa akulu, kufotokoza mlandu, kulengeza maliro. Anzake onse a Mwandida anaphunzira. Iye yekha analephera, nasiya kupitako.

Tsiku lina masana, nkhokwe ya apongozi a Chibwana inapsa. Chimanga chonse phulusa lokhalokha. A Chibwanawo anali mkamwini pamudzipo. Anathamanga akufuula: "Ndi Lipenga! Dzana tinakangana za malire a munda, lero watentha nkhokwe!"

Lipenga anakana. Akuluakulu a milandu anati: "Mboni palibe. Pakapita masiku atatu amwe mwabvi. Akasanza, salakwa. Akapanda kusanza, wadziweruza yekha."

Mwabvi, mwanawe, anali madzi a khungwa loopsa. Ambiri ankamwa osadzukanso.

Komatu mboni inalipo. Mwandida anali kuseri kwa nkhokweyo akuthyola nkhwani. Anaona a Chibwana akufukiza makoswe ndi muuni wa udzu. Anaona moto ukugwira. Anawaona akuzima ndi manja, n'kulephera.

Anapita kwa a Kadzamira, nagwada, nanena zonse monong'ona.

Nkhalamba ija inati: "Zonong'ona sizipulumutsa munthu, mwanawe. Izi ukazinene pabwalo."

"Agogo, kandinenereni ndinu."

"Maso anaona ndi ako. Pakamwa pakhalenso pako. Bwera mawa."

Tsiku loyamba anamutengera pachulu. Anati: "Ponda pansi ndi mapazi onse. Puma katatu. Uyambe ndi dzina lako, chifukwa dzina suliiwala. Mawu akakana, uwaitane ndi nyimbo."

Ndipo anamuphunzitsa:

Mawu anga tulukani,
Pakhosi si kwanu.
Mawu anga tulukani,
Kunja akukudikirani.

Mwandida anayimba. Analankhula kwa chulu, mawu n'kutuluka bwinobwino.

Tsiku lachiwiri anamutengera pamtondo, pomwe amayi asanu ankasinja. Mwandida anaponda pansi, napuma katatu. Amayi aja anaimitsa minsi, namuyang'ana. Mmodzi anamwetulira. Basitu, pakhosi gwa! Miyendo njenjenje! Mwandida anathawira kuseri kwa khola, nalira.

A Kadzamira anamupeza komweko. Anamufunsa: "Chimene ukuopa n'chiyani?"

"Kuseka kwawo, agogo."

Nkhalamba ija inati: "Ndikudziwa kumene kuli anthu osaseka."

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anamutengera kumsitu wa manda. Atafika m'mphepete mwa msituwo, a Kadzamira anakhala pansi, n'kufulatira mitengo.

"Lowa wekha. Ukalankhule kwa mitumbira. Mitumbira siseka."

"Nanga inu simulowa?"

"Ine sindilowamo. Pita."

Mwandida analowa. Kunja kunali dzuwa, koma mkatimo munali kuzizira. Mbalame zii. Mphepo zii. Ngakhale masamba ouma amene ankaponda sankalira. Anaima pakati pa mitumbira, naweramitsa mutu, nayimba nyimbo ija. Kenako anati: "Ine ndine Mwandida."

Pomwepo anamva kuwomba m'manja. Phu, phu, phu, pang'onopang'ono, monga akulu alandirira mlendo.

Anadzutsa maso. Pamtumbira uliwonse panali patakhala munthu. Amuna, akazi, ana. Analibe zithunzithunzi. Maso awo sankaphethira.

Onse ananena pamodzi: "Tikumva."

Mwandida anafuna kuthawa, miyendo inakana.

Patsogolo pake panali mayi wina atagwira chikho ndi manja awiri. Mayiyo anati: "Usatiyang'ane tonse. Yang'ana ine ndekha. Nena."

Mwandida anamuyang'ana mayiyo. Anayamba kunena za nkhokwe, za makoswe, za muuni. Atafika pakati, mawu anaduka.

Akufa aja anati: "Bwereza."

Anayambanso. Mawu ananjenjemera, nadukanso.

"Bwereza."

Palibe anaseka. Palibe anatopa. Anangokhala duu, kudikira. Kachitatu Mwandida ananena nkhani yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo mawu ake anamveka msitu wonse.

Mayi wa chikho uja anati: "Wanena. Tsopano mvera zanga. Ine ndine Nangondo. Kale mwana wa mnansi wanga anagwera m'chitsime. Anthu anati ndamuponyamo ndine. Koma analipo wina amene anaona mwanayo akuterereka yekha. Pa tsiku la mlandu anaimirira pabwalo. Anaona maso a anthu. Anatsegula pakamwa, natsekanso, nakhala pansi. Ine ndinamwa."

Mwandida anafunsa: "Anali ndani, mayi?"

"Mlongo wanga. Yemwe wakuperekeza uja, wafulatira mitengoyo. Ukamuuze kuti chikho chidakali m'manja mwanga. Sindingachitule iye asananene."

Mwandida anaphethira. Pamitumbira panalibenso munthu.

Anatuluka, nawapeza a Kadzamira pomwe paja. Anati: "Agogo, a Nangondo akuti chikho chidakali m'manja mwawo."

Nkhalamba ija inangogwira ndodo yake, n'kuuyamba ulendo wobwerera kumudzi.

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Lipenga anamukhazika pakati. Wopondera mwabvi anali atasakaniza kale madzi ake, n'kuwaika pambali pa Lipenga. Mmodzi wa akuluakulu anafunsa: "Alipo ali ndi mawu, mnyamatayu asanamwe?"

Zii.

Mwandida anaimirira. Miyendo njenjenje. Kumbuyo wina anaseka, anzake n'kulandira. Iye sanathawe. Anaponda pansi ndi mapazi onse. Anapuma katatu. Anasiya maso onse aja, nayang'ana mlongo wake yekha.

"Ine ndine Mwandida."

A Chibwana anadumpha. "Mukumvera kamwana kamanthaka? Taonani kakunjenjemera!"

Mwandida anati: "Inde, bambo, ndikunjenjemera. Koma ndinaona."

Kuseka kunatha. Ananena za nkhwani, za makoswe, za muuni wa udzu. Mawu anaduka kamodzi, iye n'kubwereza. Pomaliza anati: "Anazima ndi manja. Atulutse manja awo m'nsalumo, muone."

Akuluakulu anati: "Tulutsani manja, a Chibwana."

Anatulutsa. Zikhatho zonse matuza okhaokha. Anagwa pansi akulira. "Ndinaopa apongozi. Ndinaopa kuti andipitikitsa pamudzi pano. Lipenga sanalakwe."

Mwabvi uja anautaya pansi. Lipenga anaimirira wamoyo, nagwira mlongo wake dzanja. Akuluakulu analamula a Chibwana kumanga nkhokwe yatsopano ndi kulima munda wa apongozi mpaka nkhokweyo idzale.

Anthu anayamba kunyamuka. Koma a Kadzamira anagogoda ndodo pansi, nati: "Khalani kaye."

Anthu anakhala. Mphunzitsi uja, amene anaphunzitsa mudzi wonse kulankhula, anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anatsegulanso, mawu osatuluka. Thukuta kamukamu.

Mwandida anapita kukakhala patsogolo pawo. Anati: "Agogo, musawayang'ane onse. Yang'anani ine. Yambani ndi dzina lanu."

Nkhalamba ija inati: "Ine ndine Kadzamira, mlongo wake wa Nangondo. Achikulire mukumukumbukira. Nangondo sanaphe mwana uja. Mwanayo anaterereka yekha. Ine ndinaona, ndipo ndinakhala chete."

Ndipo kuchokera kumsitu wa manda, dzuwa likuswa mtengo, kunamveka phwa! ngati chikho chagwa pamwala. Anamva onse. Agalu anabisa michira. Palibe anapita kukaona.

A Kadzamira anakhala pansi, napuma mpweya wautali. Tsiku lomwelo analowa kumanda kukalambula pamtumbira wa mlongo wawo. A Kadzamira atamwalira, ana a pamudzipo ankaphunzira kulankhula kwa Mwandida, ndipo mwana akalephera, iye sankalola kuti wina aseke.

Wamva, mwanawe? Mwandida mantha sanamuthere. Analankhula ali nawo. Ukadzaimirira pamaso pa anthu, miyendo idzanjenjemera, ndi khalidwe la miyendo limenelo. Ileke injenjemere, iwe nena. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo, koma mawu amene unameza pomwe mnzako amawafuna, udzawasenza mpaka imvi.

Nthano yanga yathera pamenepa, yotsala ndi yako.