Foni pa Kalilole

M'shopu ya a Magalasi munali lamulo limodzi lokha, ndipo silinalembedwe pakhoma. Galasi lalikulu limanyamulidwa choimika ndi anthu awiri, wina akuyenda chafutambuyo, mnzake akuona kutsogolo. Woyenda chafutambuyo alibe maso. Maso ake ndi mnzakeyo, amene ayenera kumamuuza njira yonse: "Mwala kumanzere! Sitepe! Imani kaye njinga idutse!" Zina zonse a Magalasi ankazipirira. Ukachedwa pantchito ankangokuseka, ukaswa kagalasi ka windo ankati ndimo mophunzirira. Koma pa lamulo ili lokha analibe nthabwala.

Dzina loti Magalasili anawapatsa ndi makasitomala. Anali bambo wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo chuma chawo chonse chinali dzanja lawo lamanja. Akakoka chodulira pagalasi, mzere unkatuluka wowongoka, galasi n'kuthyoka mwaulemu pomwe iwo afuna. Dzanja limenelo ndilo linkalipira lendi ya shopu, kudyetsa ana awo, ndiponso kudyetsa nyumba ya mlamu wawo.

Mlamuyo anali mchimwene wa akazi awo, munthu wa ndevu zake, wa mkazi ndi ana, yemwe ntchito inamuthera kwina mchemwali wake n'kumupemphera malo m'shopumo. Anzake ankamutchula kuti Adimini, chifukwa ndiye ankayang'anira gulupu ya pafoni ya anthu okonda kukangana za mpira. Tisamunamizire ulesi ayi. Mphamvu anali nazo, ndipo ntchito ankaigwira mwachangu. Vuto lake linali khosi lowerama. Podya foni, kuchimbudzi foni, pamsewu foni. Tsiku lina anagunda mtengo wa magetsi n'kuupepesa osadzutsa mutu, ndipo ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewuwo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, chinthu chanucho chidzakugwetsani m'dzenje," anatero a Magalasi atamva nkhaniyo.

"Aaa, musade nkhawa, alamu. Ine maso ndili nawo awiri. Limodzi la foni, linalo la msewu."

"Nanga langa ndi liti?"

Adimini anaseka, koma a Magalasi sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo anagamula kuti galasi likamatuluka m'shopu, foni izitsala m'dirowa ya tebulo lodulirapo. Adimini anavomera ndi pakamwa, mtima uli pena. Ankabwerera ku shopu chothamanga ngati mayi amene wasiya khanda likulira.

Kenako kunabwera oda yabwino. Mayi wina wa saluni ankafuna kalilole wamkulu wodzaza khoma lonse. A Magalasi anamudula mosamala, n'kusalaza m'mphepete mwake mpaka anakhutira. Saluniyo sinali patali, koma inali m'kanjira kopanikiza komwe galimoto silingalowe, choncho anagwirizana zomunyamula pamanja.

Tsoka lake, m'mawa wa tsiku lonyamulalo mu gulupu munabuka nkhondo. Adimini anali atachotsa munthu wina amene ananyoza timu yake, ndipo anzake a munthuyo anayamba kukopa anthu kuti mpando wa uadimini upite kwa wina. Foni inkanjenjemera m'dirowa osapuma, ndipo kunjenjemera kulikonse kunkamubaya pamtima. A Magalasi atatembenuka kuti avale magolovesi, iye anasolola foni ija n'kuiponya m'thumba, pamodzi ndi kalabala kake komatira foni pagalasi la galimoto.

Apa m'pamene panali nzeru zake zopusa. Kalilole si galasi la windo. Suona za kuseri. Ponyamula, a Magalasi anaima mbali ya kumsana kwa kaliloleyo, Adimini mbali yowala, ndipo nkhope zawo sizinkaonana. Atangotuluka pakhomo n'kupumira pakhonde kuti agwire bwino, iye anamata foni pa kalilole, pafupi ndi mphuno yake. Manja onse anali pantchito, mutu uli chilili ngati munthu woona njira. Anadzitama mumtima kuti wapeza njira yosangalatsira mbali zonse.

"Njira ili bwanji?" anafunsa a Magalasi akuponda chafutambuyo.

"Zili bwino, pitani."

Anadutsa pa telala, anadutsa pa okonza nsapato. Mauthenga ankakwera pasikirini ngati nyerere. Wina analemba kuti Adimini ndi wolamula mwankhanza. Wina anayankha kuti achoke lero lomwe.

"Kutsogoloko kulibe kanthu, alamu?"

"Zili bwino, pitani."

Kunali kanthu. Anthu okonza mapaipi a madzi anali atavundukula ngalande pakati pa kanjirako, n'kuika nthambi pambali pake kuti woona aone. Mayi wa saluni, yemwe anali pakhomo kudikira katundu wake, anakuwa kuti, "Dzenje! Bambo, dzenje!" koma mwendo wa a Magalasi unali utaponda kale m'malere. Anagwa chagada. Mwachibadwa anatukula dzanja lamanja kuti atchinge nkhope, ndipo kalilole yense anasweka pa dzanja lomwelo. Golovesi inang'ambika ngati pepala.

Zimachititsa manyazi kuzinena, koma anthu anaziona: pamene ena ankathamangira kukadzutsa munthu, maso a Adimini anayamba asakasaka pansi. Foni anaipeza m'matope a m'ngalandemo, yophwanyika, idakali yomatirira pa chidutswa cha kalilole. Mayi wa saluni anayang'ana chidutswacho, n'kumuyang'ana iye, ndipo panalibenso bodza loti n'kunena.

Kuchipatala anasoka bala, koma adokotala sanabise mawu. Mitsempha ya chala chachikulu ndi cha mkombaphala inali itaduka moipa. Dzanja lidzapola, anatero, koma kugwira kwake sikudzakhalanso ngati kale.

Adimini anafika pa bedi atanyamula mawu ambiri opepesa. A Magalasi anamulola kuti amalize, kenako anafunsa funso limodzi, motsitsa mawu.

"Alamu, pamene munkati zili bwino, munkayang'ana chiyani?"

Amene anayankha anali mchemwali wa Adimini, yemwe anali atakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali ofiira.

"Usavutike kuyankha, tamva kale. Iwe, ndinagwada ine pamaso pa bambo awa kukupemphera ntchito. Ndinati ndi mchimwene wanga, ndi munthu wabwino. Anakupatsa msana wawo kuti uwaonere njira, iwe n'kuwagulitsa chifukwa cha anthu okangana za mpira? Anthu ako a m'foniwo abwere tsopano adzadyetse ana anga."

"Achemwali, sindinachitire dala."

"Ndikudziwa. Ukanachitira dala, bwenzi utayang'anako."

Bala litapola, a Magalasi anatsegula shopu m'mawa wina, n'kuyala kagalasi kakang'ono patebulo. Anagwira chodulira, chinaterereka. Anachigwiranso, n'kukoka. Mzere unatuluka wokhotakhota, ndipo galasi linathyokera kumene lafuna lokha. Anayesa ndi dzanja lamanzere, zinakanika chimodzimodzi. Bambo amene sanalirepo pamaso pa anthu anakhala pa mpando n'kugwetsa misozi, chifukwa anadziwa kuti ntchito imene anaiphunzira kuyambira unyamata wake yathera pomwepo. Posapita nthawi anagulitsa zipangizo, ndipo m'chipindamo munalowa munthu wogulitsa machaja ndi zikwama za mafoni.

Adimini anatsala padzuwa. Mbiri ya ngoziyo inamutsogolera kulikonse, ndipo panalibe mmisiri wofuna kunyamula naye ngakhale thabwa. Kunyumba kwa mchemwali wake ankalandiridwa pakhonde, moni n'kutha. Tsiku lina, mtima utamukoka, anabwereka foni ya mkazi wake n'kuikamo nambala yake kuti aone mmene gulupu inkamusowera. Anapeza kuti anamuchotsa pampando masana omwewo a ngozi, ndipo pambuyo pake anamutulutsiratu chifukwa chosalankhula. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti munthu uja ali kuti. Mkangano wa mpira unkapitirira bwinobwino popanda iye.

Anabweza foniyo kwa mwini wake. Mkazi wake, yemwe anali akusankha zovala za ana zoti azipitire nazo kwa makolo ake kufikira zinthu zitasintha, anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Munkafuna kusunga mpando ndi ntchito nthawi imodzi, bambo a ana. Tsopano mwagwira chiti?"

Analibe chilichonse m'manja. Anathamangira uku akuyang'ana uko, mvula n'kumupeza pamtetete, ndipo choipitsitsa n'chakuti inanyowetsa ndi munthu amene anamukhulupirira. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.