Mutu wa Njoka Pansi pa Matabwa

Kuyambira tsiku limene ana ake aakazi awiri anapita ndi sukulu kukaona nyama kumalo osungirako zinyama, kalipentala wina analibenso mtendere pakhomo. Wamkulu ankangoyenda ndi kope lake, kuwerengera aliyense za mimba ya njovu ndi mano a ng'ona, mng'ono wake n'kumavomereza ngati kwaya. Bambo awo anafika pomupatsa wamkuluyo dzina loti Aphunzitsi.

Loweruka m'mawa, akusuntha matabwa kuseri kwa shedi yomwe ankapaliramo mipando, anaona njoka itadzipinda pansi. Anaikhapa ndi fosholo, mutu n'kugwera poteropo. Anawo anathamangirako.

"Ababa, musaugwire mutuwo," anatero wamkulu. "Wosamalira njoka uja anatiuza kuti mutu umaluma ngakhale utaduka. Akuti umatha ngakhale ola usanaferetu."

"Zoona, ababa," anatero mng'ono wake, atabisala kumbuyo kwa mkulu wakeyo.

Kalipentala anaseka. "Aphunzitsi, ine ndinayamba kupha njoka amayi anu asanamere mano. Ulendo umodzi womwewu mwasanduka madokotala?"

Anawerama n'kuutola mutuwo kuti awaonetse anawo mano ake. Pakamwa paja panatseka pa chala chake chachikulu chakumanja.

Anaukutumula, koma manyazi anamugwira kuposa ululu. Mwana wamkulu uja anamuchonderera kuti asamange mkono, asatemepo, angothamangira kuchipatala. Iye anatenga chingwe n'kumanga pamkono zolimba, n'kubwerera ku mpando umene ankapala. Pofika masana dzanja linali litatupa ngati mtsamiro, chala chikuda, thukuta lili kamukamu. Atayesa kutola hamala, zala zinakana. Apo m'pamene anaitana mkazi wake motsitsa mawu.

Mnansi wawo anamutengera kuchipatala pa galimoto yake. Iye ankangoyang'ana kutupa kuja kukukwera chakuchigongono, n'kumadzifunsa kuti kodi ana awa adzawalera ndani.

Namwino anadula chingwecho akupukusa mutu. "Mwalumidwa nthawi yanji, bambo? Nanga anakuuzani kuti mumange ndani?"



Moyo unapulumuka, koma chala chija madokotala anachidula patatha masiku asanu. Ana atabwera kudzamuona, wamkulu anaima chapatali, misozi ili m'maso, ngati wolakwa ndi iyeyo. Bambo ake anamukodola ndi dzanja lamanzere.

"Bwera kuno, mwanangu. Kope lija wabwera nalo? Undiwerengere za njoka, uyambire poyamba penipeni."

Lero munthu amene ankakhoma msomali osayang'ana akuphunzira kugwira hamala ngati mwana wongoyamba ntchito. Akamufunsa za chalacho sabisa, amauza ofunsawo kuti anachenjezedwa ndi ana ake omwe, iye n'kutseka makutu. Pajatu wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.