Kabowo ka pa Chitsekero cha Thanki

Dokotala wa mano uja anthu ankangomutchula kuti a Zulani, chifukwa pa zaka makumi atatu zimene anagwira ntchito, dzino likangogwedera pang'ono iwo anali atanyamula kale chozulira. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali manja osadziwa kukhala phee. Ngakhale atapuma pa ntchito, akazi awo ankabisa chilichonse chimene chayamba kulira mwachilendo m'nyumba, kaya wailesi kaya loko wa pachitseko, podziwa kuti akachedwa achipeza chili zidutswazidutswa pa tebulo.

Ndiye tangoganizani munthu wotereyu atagula galimoto yakalekale. Inali yofiira, ya mipando iwiri yokha, yopanda denga, yaifupi ngati ikukwawa, ya mtundu uja ankaupangira liwiro osaganizirako za ana kapena katundu. Akazi awo anaizungulira kamodzi n'kufunsa kuti, "Nanga za kumsika ndizisenza pamutu ndili m'galimoto?" Koma sanalimbane nawo, poti ankadziwa amene anagulidwira galimotoyo.

Anali achimwene a dokotalayo. Akuluwo ndiwo anawalera makolo atamwalira, ndipo anayendetsa mabasi moyo wawo wonse kuti mng'ono wawo aphunzire. Galimoto yotere ikawapitirira pamsewu ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Tsiku lina, ngakhale kungokhalamo chabe." Tsopano maso awo anali akuzima. Ankangoona mitundu ndi zithunzithunzi, ndipo mwana wawo wamkazi anali atakonza zodzawatenga kumapeto kwa mwezi kuti azikakhala naye kutali, ulendo wa masiku awiri. A Zulani anatsala ndi masabata atatu oti awakweze achimwene awo m'galimoto yofiirayo, kufiirako akukuonabe.

Tsiku loyamba anaisambitsa ngati khanda. Atafika pa chitsekero cha thanki ya petulo, anaona kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano. Dokotala wa mano akaona kabowo safunsa kuti kakutani pamenepo. Anatenga zomatira mano zimene zinatsalira m'chikwama chawo chakale, anamata kabowoko mwaluso n'kusalaza bwinobwino, moti palibe akanadziwa kuti panali kanthu. Anadziyamikira okha, kenaka anaiwala.

M'mawa mwake anaiyesa pamsewu. Injini inalira mokoma, ndipo a Zulani anamva ngati abwerera ku unyamata. Koma patatha mphindi makumi awiri galimoto inayamba kutsokomola, kenaka inazima pafupi ndi pokwerera basi, anthu onse maso ali pa iwo. Anatsegula boneti, kugwedeza mawaya, kumenya apa ndi apo, kusuzumira m'thanki ngati petulo alimo, ndipo atayesanso inalira ngati sinalakwepo kanthu. Pofika kunyumba mlandu anali ataweruza kale: olakwa ndi mapulagi.

Anazula mapulagi onse anayi n'kuika atsopano. Inazimanso pa mphindi makumi awiri zomwezo. Anazula koyilo. Anazula pampu ya petulo. Kabyuleta anakaimasulira pa tebulo lodyera, tizitsulo take tili ndandanda pa nsalu yoyera ngati zida za opaleshoni, anthu a m'nyumba akudyera mbale pamiyendo. Sabata yachiwiri anasintha zinthu zitatu tsiku limodzi, ndipo galimoto inatola matenda enanso. Inayamba kuphulika kumbuyo ngati mfuti, agalu a oyandikana nawo n'kumauwa, ndipo iwo sanadziwenso kuti chabweretsa chinzake n'chiti.

"Bwanji osawaitana alamu?" anafunsa akazi awo ataima pakhomo la galaja. "Zaka zonse zija akhala ndi mainjini."

"Munthu sumuitana kuti adzaphike chakudya cha phwando lake lomwe," anayankha ali chagada pansi pa galimoto. "Adzaiona ikuyenda."

"Adzaiona ndi maso ati, mukamachedwa chonchi?"

Mawuwo anawalasa, koma anangowonjezera mphamvu pa sipanala. Zoona zake n'zakuti ankachita manyazi, komanso mantha. Munthu amene anawapatsa zonse ankafuna kumupatsa chinthu chimodzi chathunthu, chopanda pokonza. Achimwene awo akaimba foni n'kunena kuti, "Mphwanga, wasowatu," iwo ankangoti zochita zachuluka. Masiku amene akanakhala nawo pakhonde akucheza anathera pansi pa galimoto, mafuta akuwadonthera kumaso.

Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti akuluwo anyamuke, akazi awo anavala nsapato osatsanzika. Anabwera ndi alamu awo atawagwira padzanja, nawalowetsa m'galaja. Akuluwo anaima, anatsinzina pang'ono, n'kufunsa kuti, "Chofiira chachikuluchi n'chiyani?" Anatambasula dzanja, nayendetsa zala kuchokera pa nyali mpaka pa chitseko, kenaka pa chiwongolero.

"Iwe mwana iwe," anatero akuluwo.

"Siyenda, achimwene," anatero a Zulani. "Ndinagulira inu, koma imangoyenda mphindi makumi awiri n'kufa, mpaka nditsike n'kuigwiragwira."

"Wasintha chiyani?"

Anayamba kutchula chimodzichimodzi. Mndandanda unatalika mpaka akuluwo anakweza dzanja. "Ndiye chatsala n'chiyani, hutala? Taliza injiniyo timve."

Inalira, inaphulika kawiri. Akuluwo anapendeketsa mutu n'kunena kuti mawaya awiri a mapulagi asemphanitsidwa. Atawabwezera m'malo mwake, kuphulika kunatha pomwepo. A Zulani anali atatola kale sipanala ina kuti apitirize, koma achimwene awo anali akupapasa mpando kuti akhale.

"Tiye tiyende mpaka izime. Koma ikafa, manja akowo uwakhalire. Wamva?"

Anayenda. Umu si mmene a Zulani anaulotera ulendowu, ndipo diso lawo linali pa wotchi. Nthawi yake itakwana galimoto inatsokomola n'kuzima pansi pa mtengo, moyang'anana ndi kagolosale. Dzanja lawo linathamangira pa chitseko.

"Khala."

"Ndingoona pang'ono mawaya, achimwene."

"Ndati khala."

Anakhala. Injini inkathetheka pozizira, magalimoto ena akudutsa, mwini golosale akuwayang'ana ali pampando wake. Kwa a Zulani kukhala osagwira kanthu kunali kowawa kuposa ntchito yonse ya masabata atatu aja. Patapita mphindi zisanu akuluwo anati ayese, ndipo inakana. Patapita zina khumi inakananso.

"Waona?" anatero akuluwo mosakweza mawu. "Ukuti masiku onse ukatsika n'kuigwiragwira imadzuka. Lero sitinaigwire, ndipo yakana. Ndiye pali chinthu chimodzi pa zimene umachitazo chimene chimaidzutsa. Tandiuza mwa ndondomeko yake, usalumphe."

"Ndimatsegula boneti. Ndimagwedeza mawaya. Ndimamenya pampu ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kenaka ndimasuzumira m'thanki ngati petulo alimo."

"Kuti usuzumire umatsegula?"

"Eya."

"Tiyambire komweko. Nditengere kumeneko."

Anawagwira dzanja mpaka kumbuyo kwa galimoto. Akuluwo anawerama, khutu pafupi ndi chitsekero, nauza mng'ono wawo kuti apotokole pang'onopang'ono. Chitangomasuka panamveka fyuuu, thanki ikukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. A Zulani anali atalimva phokosoli mwina kakhumi, koma nthawi zonse maganizo anali ali kale pa chinthu china choti azule.

"Thanki imapuma, mphwanga," anatero akuluwo. "Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kulephera, kaya ndi yatsopano kaya ndi yakale. N'chifukwa chake pa chitsekero chotere pamakhala kabowo." Anachitembenuza m'manja, chala chikufufuza, kenaka chinaima pamalo amodzi. "Apa pasalala bwanji? Ntchito yaukhondotu iyi. Anamata ndani?"

A Zulani anayang'ana nsapato zawo.

"Dokotala wina wake, achimwene."

Akuluwo anayamba ndi mapewa, kenaka chiseko chinatuluka chonse mpaka anatsamira galimoto, misozi ili mbwembwembwe. A Zulani anayesa kukwiya koma sizinatheke, ndipo anaseka nawo, mwini golosale n'kumasekanso osadziwa n'komwe nkhani yake. A Zulani anapisa m'thumba la malaya, momwe simunkasowa kachitsulo kotokosera mano, natokosa ntchito yawo yokongolayo mpaka kuwala kunaoneka pa kabowo. Sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri.

Analizanso injini n'kulowa mumsewu waukulu. Mphindi makumi awiri zinakwana, a Zulani atagwira mpweya, ndipo galimoto inangopitirira. Theka la ola linadutsa. Akuluwo anavula chipewa n'kuchikhalira kuti chisauluke, ndipo ankatchula magiya pongomva kulira kwa injini, nthawi zina n'kumadzudzula kuti mng'ono wawo akusintha mochedwa ngati woyendetsa ngolo. Ankatambasula dzanja kunja kuti mphepo iziliomba, maso ali pa boneti yofiira patsogolo pawo.

"Mukuiona, achimwene?"

"Ndikuiona. Yafiira zedi."

Kenaka a Zulani anati, "Masabata atatu ndataya. Bwenzi tikuyenda chonchi tsiku lililonse."

"Wataya ndithu, sindikunamiza," anatero akuluwo. "Koma kumene ndikupitako kuli msewu, si kumwamba. Galimoto yako ikupuma tsopano, masiku awiri ndi chiyani? Udzabwere udzanditenge. Maso akadzakana, makutu alipo, ndipo waona wekha kuti amagwira ntchito kuposa manja akowo."

"Ndidzabwera."

"Ubwere ndi alamu. Iwe wekha ungazule matayala panjira."

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, nkhope zili fumbi lokhalokha, akuluwo atasasa mawu ndi kuseka. Loweruka mwana wawo anadzawatenga monga anapangana. Patatha mwezi umodzi, galimoto yofiira inatuluka pageti m'mamawa, kachikwama kamodzi katamangidwa kumbuyo, ndipo inayenda masiku awiri osatsokomola ngakhale kamodzi.

A Zulani anali ndi zida zonse, mphamvu zonse ndi chikondi chosakayikitsa, koma vuto limene linawadyera masabata atatu linkangofuna munthu woti akhale pansi mphindi khumi ndi zisanu n'kumvetsera. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.